Sabata Yosaka Makalata a Viza

Lolemba

Chilolezo changa chogwirira ntchito chikutha mu Julaye. Miyezi inayi basi. Anzanga amene tinamaliza nawo sukulu ayamba kupukuta masutikesi. Ine ayi. Ine ndili ndi kampani!

Kampaniyo ndi ine, laputopu ndi tebulo la kukhitchini kuno ku South Bend. Ndapanga apu yoti anthu ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba azisinthana mashifiti popanda kupemphana pa foni. Ikugwira bwino kwambiri. Ndaiyesa kasanu, ndipo ulendo uliwonse ndasinthana shifiti ndi ine ndemwe popanda vuto.

Loya wa ku Indianapolis akuti ilipo viza ya anthu aluso lapadera. Woyambitsa kampani akhoza kuipempha, kenako n'kulondola njira ya girini khadi, chilolezo chokhaliratu kuno. Lachisanu akufuna ndimupititsire:

- makalata atatu a anthu odziwa ntchito yanga
- mphoto zimene ndinalandirapo
- nkhani zolembedwa zokhudza ine
- umboni woti ndinaweruzapo ntchito za ena

Zochepa izi.

Ndaimbira amayi ku Zomba. Akuti, "Za mapepala sauza munthu, mwanawe. Anthu azimva zitatheka." Akunena zoona. Pobwera kuno, azakhali anga enieni anamva ndili kale m'ndege. Ndiye makalata ndipempha, koma chifukwa chake sindinena.

Lachiwiri

Ndalembera anthu atatu. A Phiri, mkulu wa mpingo wathu. Anti Nachisale, namwino amene anandisunga chaka changa choyamba. Ndi Dokotala Gondwe, mayi wophunzitsa za makompyuta pa yunivesite. Uthenga umodzi kwa onse: "Ndikupempha kalata yofotokoza kuti ndine munthu wotani ndi zimene ndimatha. Pali nkhani yabwino, ndidzakuuzani ikapsa."

Mawu oti viza mulibe. Oti loya mulibe. Ndikudzigomera ndekha.

A Phiri ayankha mphindi isanathe: "Aleluya! Tinkadikira." Mwaona? Anthu analiona kale luso langa.

Mphoto ndapeza ziwiri pansi pa sutikesi: satifiketi yoloweza mavesi ku Sande sukulu, ndi ina ya ukhondo ku sekondale. Zoweruza nazo zilipo. Pa pikiniki ya Amalawi chaka chatha ndinali m'gulu lolawa mandasi, ndipo chigamulo changa anthu akuchidandaulabe mpaka lero.

Lachitatu

Anti Nachisale aimba ali pa bureki kuntchito. "Iwe, mpaka kundibisira ine? Chabwino, usanene. Koma nsalu ndaoda kale." Nsalu ya chiyani sindikudziwa. Mwina akufuna ndikatchene kwa loya. Anthu akuluakulu amaona patali.

Dokotala Gondwe ndi amene akuvuta. Akuti, "Kalatayi ikupita kwa ndani? Ndiuze kuti ndidziwe cholemba." Eee! Mafunso amenewa ndi aja amanena amayi. Ndawayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera, basi.

Apu ndaiponya pa gulu lathu la pa foni kuti anthu ayambe kuigwiritsa ntchito. Mitima yofiira yadzaza. "Mwana wathu uyu!" "Mulungu akukweze!" Amene aitsitsa ndi awiri. Mmodzi ndi ine pa foni yanga yakale. Patangopita kanthawi, pa gulu lomwelo, mayi wina walemba: "Ndani angandikavire shifiti Loweruka m'mawa?" Anthu atatu amuyankha pompo.

Zilibe kanthu. Zinthu zatsopano anthu amaziopa poyamba.

Lachinayi

A Phiri afika okha pakhomo, atavala jekete pakati pa sabata. Envelopu yomata, chidindo cha mpingo pamwamba. Abweretsanso ya anti Nachisale, ndi yachitatu imene sindinapemphe, yochokera kwa amayi a chigwirizano. "Atamva, anati sangakhale chete," atero a Phiri, kenako andigwira dzanja nthawi yaitali, maso ali m'mwamba.

Makalata atatu! Ya a Gondwe ikhale, ndakwanitsa popanda iwo.

Mtima ukufuna kutsegula, koma kalata yomatidwa ndi munthu wamkulu sitsegulidwa ndi mwana. Ndaziika mu fayilo, ndasita bulauzi, ndathira mafuta m'galimoto.

Lachisanu

Maola atatu pamsewu, minda yokhayokha, ine ndikuyeserera mmene ndidzayankhire atolankhani.

Loya ndi mzimayi wansangala. Watsegula ya a Phiri, wayamba kuwerenga mokweza. "Ndi mwana waulemu. Amagwada popereka madzi kwa akulu. Sanajombepo ku kwaya." Watsegula ya amayi a chigwirizano. "Tikuchitira umboni kuti chibwerere mu South Bend muno sitinamuonepo m'galimoto ya mwamuna." Apa mawu ake ayamba kutsika. Ya anti Nachisale: "Amaphika, amachapa, sayankha akamalangizidwa. Banja limene likumutenga lachita mwayi."

Wavula magalasi. "Kodi mukukwatiwa? Chifukwa imeneyo ndi njira ina, fomu yakenso ndi ina."

Ndati ayi. Ndafunsa ngati penapake atchulapo apu. Wafufuza, wapeza mzere umodzi kwa anti: "Amakonda kukhala pa kompyuta, koma akalowa m'banja asiya."

Satifiketi ya mavesi sindinaitulutse n'komwe.

Wandiuza mosabisa. Viza imeneyi imafuna kuti akatswiri akudziwe, akulembe, akutchule poyera. Kampani yopanda oigwiritsa ntchito, yopanda nkhani, yopanda kalata ya katswiri, Julaye asanafike n'zovuta. Akuti ndidzabwerenso ndikakhala nazo.

Ndaima pa Lafayette Road kugula chinangwa, nsomba zouma ndi chingwa. Ndakhala m'galimoto osailiza. Ndachita manyazi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndachita mantha enieni. Ndalira pang'ono, kenako ndadya chingwa chonse chimene ndinagulira mawa.

Loweruka

Ndaimbira Dokotala Gondwe, ndawauza zonse. Aseka mpaka kutsokomola, kenako asiya.

"Iwe, zoti pemiti yako ikuekisipaya mu Julaye tonse tikudziwa. Tinabwera ku giraduweshoni yako, miyezi timatha kuwerenga. Chimene sitinkadziwa mpaka sabata ino n'choti uli ndi apu."

Akuti mwezi wathawu pa yunivesite panali mpikisano wa makampani ongoyamba kumene. Panali mphoto, panabwera atolankhani, ndipo iwo anali mmodzi wa oweruza. "Za chisamaliro cha okalamba panalibe ndi mmodzi yemwe. Ukanangoapulaya."

Mndandanda wonse wa loya uja, pamalo amodzi, mphindi khumi kuchokera pakhomo panga. Ine ndili m'khitchini kusunga chinsinsi.

Njira yotsala akuti ndi kubwerera kusukulu, pa viza ya ophunzira, n'kumakulitsa apu ngati gawo la kafukufuku. Malo mwina alipo mu labu yawo. Ndati ndiganize kaye, ngati kuti ndili ndi zambiri zosankha.

Lamulungu

Nthawi ya zolengeza, a Phiri anditchula dzina kuti ndiimirire. Nthungululu! Komiti ya ukwati yasankhidwa kale, wapampando ndi anti Nachisale, nsalu ifika mwezi wamawa.

Ndatenga maikolofoni. Ndati mwamuna kulibe. Ndati chilolezo changa chikutha, makalata aja anali a viza, ndipo chimene ndikupempha n'choti atsitse apu yanga. Kumbuyo wina wafunsa, "Ndiye zakudya zija tikanseleko?"

Potuluka anti andikokera pambali. "Komiti sitingaithetse, yapemphereredwa kale. Tingoisintha ikhale yofufuza mwamuna."

Atsitsa apu ndi asanu ndi awiri. Atatu andifunsa ngati ili ndi nyimbo.

Ndafika kunyumba, ndatsegula fomu ya sukulu. Zaka zina zinayi za homuweki, munthu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, mwini kampani. Pali funso loti ndifotokoze chifukwa chimene ndikufunira kubwerera m'kalasi, ndipo malo ake ndi tsamba lathunthu. Ndapumira m'mwamba, ndayamba kulemba. Ulendo uno ndikunena zonse.