Mtsuko wa Akafula

Anzanga, wina akamanena kuti kupusa kulibe mankhwala musamutsutse, mboni yake ndine. Izi zinandichitikira Apwitikizi asanachoke, ndili mnyamata wa tindevu towerengeka, nditangofunsira kumene Lusiya, mwana wa aNajere, mayi woumba mbiya wodziwika dera lonse la Domwe.

Padiri wathu anali ndi matenda okonda zinthu zakale. M'chipinda mwake munali mapale, mikanda, timiyala tosongoka, zonse zoyalidwa pameza ngati pamsika. Tsiku lina itatha misa analengeza kuti wopeza chinthu cha Akafula, anthu aafupi aja ankakhala m'mapanga makolo athu asanafike, adzalandira kazako, jekete la Chipwitikizi. Kazako, anthuni! Lakuda, la mabatani onyezimira! Ine pompo ndinadziona ndili mkati mwake tsiku la ukwati, apongozi akunong'oneza anzawo kuti mwana wawo wapeza mwamuna.

M'mawa mwake ndinakwera phiri la kuseri kwa mudzi. Ndinapezadi phanga, pathanthwe pali mizere yofiira ndi timadontho, zojambula zenizeni za Akafula. Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo kukauza padiri, koma ine ndinafuna chonyamula. Kusuzumira kuseri kwa mwala, ndikuona chimtsuko chakuda bii ndi mwaye, chovundikira bwinobwino ndi masamba a nthochi. Kodi ndinadzifunsa kuti masamba a Akafula akhala bwanji aawisi mpaka lero? Ayi ndithu, mutu wonse unali mu kazako.

Kuvundukula, fungo linandimenya mpaka misozi, mkatimo madeya akuchita thovu. Ine nkuti, zinthu zakale zimanunkha chonchi, ndipo ndinakhuthulira zonse pansi. Pambali panali kampope kachitsulo, nako ndinatola, ndikuti chitoliro chimene Akafula ankaimba pa magule awo.

Ndinasenza mtsuko nditaukulunga m'bulangete, ndipo m'malo modzera njira yachidule ndinadzera dala pakhomo pa aNajere kuti andione. Lusiya anali panja akusankha nyemba.

"Achimwene aZuze, mwasenza chiyani?"

"Ukwati wathu uwu," ndinatero ine, khosi lili gwa.

Kwa padiri ndinapezako sipayo, wapolisi wa boma uja ankasaka ophika kachasu, atabwera ndi uthenga wa ku Vila Coutinho. Padiri atauona mtsuko anaomba m'manja, nayamba kuuzungulira uku akuyankhula Chipwitikizi yekha. Sipayo yekha ankangonunkhiza ngati galu wa alenje. Kenaka padiri nkuti, timizere ta pakhosi pa mtsukowu tikufunika munthu wodziwa zoumba, itanani mayi uja. Mukudziwa kale amene anaitanidwa.

ANajere atalowa anayang'ana mtsuko, nkuyang'ana kampope, nkuyang'ana ine. Abale, pamenepo mpamene nzeru zanga zinabwerako kuulendo. Timizere timenetija ndinali nditationa pa mbiya iliyonse ya pakhomo pawo! Ndinali nditasenza mtsuko wa kachasu wa apongozi, umene anaubisa kuphiri kuopa boma, nkudzautula pamaso pa sipayo ndi manja anga. Akanati ndi wanga, anali womangidwa. Ine thukuta linali kamukamu, chikhalirecho kunja kunkazizira mwa kwathu muja.

"Mayi," anafunsa padiri, "kodi mtsukowu ndi wakale?"

"Wakale zedi, abambo," anayankha aNajere osaphethira. "Maumbidwe awa anatha kalekale."

Sipayo analowererapo: "Nanga fungoli?"

"Akafulawo sankamwa?" anatero mayi aja. Sipayo anasiya kununkhiza.

Padiri, chimwemwe chili tsaya, anafunsanso ngati angadziwe kuti woumbayo anali munthu wotani. ANajere anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nkuyankha mofatsa:

"Anali mayi wovutika, abambo. Ana aakazi anali nawo, koma mkamwini analibe."

Ndinamva ngati andithira madzi a m'dambo la mu Juni. Padiri analemba mawuwo mwaulemu, mtsuko nkuuika m'bokosi la udzu kuti upite kumzinda akauone akatswiri, ine nkundiveka kazako pomwepo. Manja ake ankafika m'maondo, koma ndani anali ndi mtima woyang'ana zimenezo? Ndinatuluka ndikunyezimira mabatani, ukwati utatha.

Amalume anayenda mpaka zidendene kung'aluka kukapepesa. Mlandu unatha ndi khasu: ndinalima munda wa mbatata wa apongozi mpaka manja kuchita zikanga, ndinakumba dothi la mtsuko watsopano nkulisenza pamutu womwe uja, Lusiya akundiseka njira yonse. Kazako nalo linapita, apongozi aamuna ndi amene analivala pa ukwati wanga, ine ndili m'malaya obwereka.

Mpaka tsiku lomwalira, aNajere sanandiitanepo dzina langa. Alendo akafika ankati, "Uyu ndi Kafula wathu, bisani miphika." Ndiye ine lero, ngakhale nditapunthwa pa mtsuko wa Adamu weniweniyo, ndimaupatsa moni nkupitiriza ulendo.