Kachipewa ka a Mbeŵe

Lolemba
Makadi a mamembala a kalabu yathu ya alimi a mpunga ku Lifuwu akufunika Loweruka. Mayina ndikulowetsa ndekha mukompyuta, monga mlembi. A Mbeŵe, apampando athu, andichenjezeratu: "Dzina langa lili ndi kachipewa pamwamba pa w. Bambo anga ankalemba choncho. Musandivule." Ntchito yochepa iyi.

Lachiwiri
Ndikalemba, kachipewa kakuoneka. Ndikasunga n'kutsegulanso, apampando asanduka MbeÅµe. Mayi Nkhoŵani nawonso. Ngakhale Malaŵi weniweniyo wapunduka. A Phiri okha ali bwinobwino, monga mwa masiku onse.

Lachitatu
Zomwe ndikuyesa: kuzimitsa n'kuyatsanso, kupukuta kiyibodi, kulemba pang'onopang'ono kuti kompyuta imvetse. Palibe chikusintha. Mlamu wanga wa ku Lilongwe akuti pafoni: "Malo osungira mayinawo sadziwa chilembo chimenecho. Pezani polembedwa UTF-8 musankhe." Ndikungoti eya, eya, ngati ndamva.

Lachinayi
Ndapeza, ndasankha, koma kaya ndadina pati. Apampando tsopano ndi a MbeÃ…Âµe. Dzina lakula ngati chinangwa cha kudambo! Ndisanaone n'komwe, msungichuma watenga kale fulashi yomwe ndasungamo mayinawo kupita nayo ku Salima kukasindikizitsa makadi.

Lachisanu
Mlamu wandilongosolera bwinobwino pafoni ndipo vuto latha. Koma akuti mayina owonongeka kale sachira okha, ndiwalembenso. Ndikulembanso, kachipewa kakhala pamalo pake. Ndikuyimbira wosindikiza mosangalala. "Makadi anu tamata kale pulasitiki, bwana."

Loweruka
Msonkhano. Ndakhala kumbuyo, pafupi ndi njinga yanga. Mlendo wolemekezeka akuwerenga mayina mothamanga mpaka kufika pa apampando. Wavula magalasi, wavalanso. "Bambo Mbe... A... pepani, kodi tili ndi mlendo wochokera kunja?" Anthu akugwa nako kuseka. A Mbeŵe akulandira khadi osayang'ana aliyense. Ine ndikudutsa njira ya m'minda.

Lamulungu
A Mbeŵe afika pakhomo pochokera kutchalitchi. Ndikukonzekera kutula pansi udindo. Akuti ana awo aliona khadi lija ndipo akuti dzinalo likuoneka ngati la dokotala wa ku Ulaya. "Mundilembere lomwelo pa zikwangwani za matumba anga a mpunga. Ogula a m'tauni amakonda zotere."

Ndatsegula kompyuta, ndayesa mpaka chakudya chazizira. Ikungolemba Mbeŵe, molondola, kachipewa kali pomwepo. Mlamu akuti sanamvepo munthu akupempha kuti amuwonongerenso dzina. Mawa ndikakopera pakhadi ndi bolopeni.