Malaya a Buluu pa Njira ya ku Chinzombo

Sekani ndithu, a Mwanza, mano ndi anu, koma amene akuti ndikunama abwere andivule malaya, awerenge yekha zipsera za pamsana panga, tione ngati amalize dzuwa lisanalowe. Nkhaniyi mwaiputa ndinu, pobwera pano kwa okonza njinga mukunyadira jekete lakuda la pa salaula, pa kaunjika paja, ati mawa mupalasire nalo kuntchito ku loji. Ine ndangoti jekete limenelo ndi belu loitanira akashembe, ntchentche zoluma zija, inu mwayamba kundiyesa nkhalamba yozungulira mutu. Sindikukuimbani mlandu, mwabwera dzana kuchokera ku Chipata. Chubu changa chikadali m'beseni, bowo silinapezeke, ndiye khalani pansi mumve.

Pa zovala musalimbane nane. Ndachapa ndi kusita pa loji ya ku Chinzombo kuyambira ndevu zisanamere mpaka zachita mbuu chonchi, moti malaya ndikangowagwira ndimadziwa kumene mwini wake wayenda. Munthu wa kuno ku chigwa cha Malambo akamapita kuntchito pa njinga amavala zotuwa ngati udzu wa mu Okutobala, za manja aatali, zokhuthala pamsana. Mwendo wa buluku wa mbali ya tcheni amaumanga ndi mphira, yunifolomu amaipinda m'pulasitiki pa keriyala, akakasamba kumeneko ndiye n'kuvala. Zoyera sitivala, njovu imakuonera patali. Zakuda ndi za buluu ndiye musayerekeze, chifukwa kashembe, ntchentche yoluma ija ya m'nkhalango ya tsanya, akaona buluu amasiya njati yonenepa n'kutsata iwe. Simunaone nsalu zimene amapachika m'tchire zokolera akashembe? Mtundu wake ndi womwewo. Kuno mwana amadziwa zimenezi asanaleke kuyamwa.

Amene sankadziwa ndi mkazi wanga Esinati, yemwe lero anthu amamuitana kuti amake Tiyese. Ndinali nditangomutenga kumene kwawo ku Katete, kumtunda kozizira, ndipo chigwa chino chinamukana. Kutentha kunkamudwalitsa, Chikunda chimene timayankhula kuno sankachimva, njovu zinamudyera maungu onse pa kadimba kake, ndipo amayi a pa mjigo wa m'mbali mwa msewu ankamuseka chilichonse, kasenzedwe ka ndowa, kayankhulidwe, ngakhale kuyetsemula kwake. Ankanena iye akumva kuti mlendo ndi mame, dzuwa likakwera sakhalapo. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza katundu wake womanga m'chitenje ali pakona pa nyumba. Sanaumasule, sananyamuke, unangokhala pamenepo kudikira lole ya thonje yopita kumtunda. Mkaziyo ndinkamukonda, ndikunena poyera.

Chinthu chimodzi ankachitha kuposa mudzi wonse, kusoka. Mobisa anagula nsalu n'kundisokera pamanja malaya oti ndizivala pa njinga, kuti amayi a pa mjigo aone kuti mlendoyu naye ali ndi manja. M'mawa wa tsiku la lole, ndikufunafuna malaya anga otuwa, iye anagwada n'kundipatsa chopindapinda. Nditachitambasula pakhomo, ndinapeza ali malaya. Buluu weniweni, wowala, woti kashembe wakhungu angauone ali tsidya la Luangwa.

Anaona nkhope yanga, nati motsitsa mawu: “Ngati mukuchita nawo manyazi, a Sakala, nenani. Ndisakuvutitseni. Lole ikudutsa madzulo.”

Tsono inu mukanatani? Kumuuza zoona kunali kumuuza kuti ngakhale chimodzi chokha chimene ankachitha, kuno ndi cholakwa, ndipo kumeneko kunali kumusenza ndekha mtolo uja. Ndinavala. Ndinamanga mabatani mpaka pakhosi, ndinamuuza kuti chibadwire sindinavalepo malaya ondikhala chotere, ndipo zimenezo zinali zoona. Ndinadzera dala pa mjigo ndikuliza belu, chifuwa chili patsogolo. Amayi aja anasiya kupopa n'kugwira pakamwa.

Mpaka pa mlambe wa pamphambano ulendo unali wokoma, kamphepo kakulowa bwino m'manja mwa malaya. Nditalowa m'tsanya dzuwa likusuzumira, kashembe woyamba anatera paphewa panga. Sanalume. Anayang'ana nsaluyo, anayenda pamsoko kuchokera paphewa mpaka pachigongono, anapukusa mutu posirira, kenaka anauluka kukaitana abale ake. Mukumva? Anabwera a m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, anabwera a ku Malama, anabwera a ku Msoro ena atabereka ana kumsana, anabwera ngakhale okalamba amene milomo inabuntha kalekale, adzukulu akuchita kuwatsogolera kuti angodzaona malaya asanafe, ndipo tsiku limenelo ng'ombe za ku Msoro zinagona tulo masana koyamba chibadwire, njati za m'paki zinapumitsa michira mpaka ina inaiwala kagwedezedwe kake, moti mpaka lero kuli njati zina zoyenda mchira uli lende, ndipo alonda a nyama akakufunsani chifukwa chake muwatumize kwa ine.

Oyamba anandiphimba msana, achiwiri anatera pamwamba pa oyamba, achitatu atasowa malo anayamba kuzungulira kudikira mzere, mpaka pamutu panga panaima mtambo wakuda bii umene mthunzi wake unakafika ku Malama, ndipo anthu kumeneko anayesa mvula yoyamba, anatuluka ndi makasu kukadzala thonje m'fumbi, achule anayamba kuimba m'dambo louma, mayi wina anaanula ufa wake akuthamanga, pamene ine ndili pakati pa mtambowo ndikupalasa pang'onopang'ono, chifukwa munthu wovala bwino sathamanga. Kuluma ankaluma, sindikubisa, aliyense ngati singano yotentha, kuboola nsalu ngati palibe. Koma pamsoko wa Esinati panalibe wolowa. Amene anayesapo anabwerera kwawo milomo itapindika.

Mukudziwa pa makande paja, pamene mapazi a njovu a nthawi ya dzinja amauma n'kukhala maenje ngati mitondo? Pamenepo ndinakumana ndi njovu yaikazi ndi kamwana kake, itaima chopingasa pakati pa njira. Tonse timadziwa chochita: umatsika, umatapa fumbi kuona kumene mphepo ikupita, umadikira mwini njira amalize zake. Koma ine ndinaiona mochedwa chifukwa cha mdima wa akashembe, ndipo mabuleki a njinga yanga masiku amenewo anali chidendene changa. Njovu inatambasula makutu, inapinda chitamba. Ndinati basi, Esinati akwera lole ali wamasiye.

Koma kashembe salola kulandidwa chakudya, a Mwanza, mukumva? Onse pamodzi anazika milomo m'malaya, anakupiza mapiko kamodzi, ine ndinangomva chishalo chikupepuka, ndinapana njinga ndi mawondo, ndipo tinanyamuka tonse, ine, njinga, yunifolomu pa keriyala ndi mbatata yanga yootcha, tinadutsa pamwamba pa njovu tayala lakumbuyo likukhudza nsonga ya khutu lake, tinakwera kupitirira mitengo mpaka ndinayang'anana maso ndi maso ndi nyamalikiti, amene ndinamupatsa moni wa mwadzuka bwanji poti ulemu sugulidwa, ndipo m'mwamba monsemo sindinaleke kupalasa kuopa kuti tcheni ingagwe. Pansi ndinkaona Luangwa yense akupindika, mvuu zili ngati nyemba zoviika m'mbale. Tsono ganizirani bwino apa. Thupi langa lonse ndi chitsulo cha njinga zinkalendewera pa ulusi wa mkazi wanga. Akanakhala malaya a m'sitolo, bwenzi lero mukuloza dzenje limene ndinagweramo. Batani ngakhale limodzi silinaduke.

Kutsika kwake kunali kosavuta. Mbalame zofiira zija zokumba mauna m'gombe la mtsinje zinaona phwando likudutsa, zinayamba kudya mtambowo kuyambira pamwamba, ndipo pamene akashembe ankachepa ine ndinkatsika pang'onopang'ono ngati tsamba, mpaka matayala anakhudza pansi kuseri kwa khitchini ya loji, nthawi ya ntchito isanakwane n'komwe. Mbalamezo zinakhuta moti zinakanika kulowa m'mauna awo, zinachita kuwakuza, ndipo n'chifukwa chake gombe la pamenepo limagumuka chaka ndi chaka. Alendo achizungu anali pakhonde akumwa tiyi, koma makamera onse anali atawalozetsa kwa mvuu. Tsoka lawo.

Ndinatupa, abale. Mlonda wa pageti anandifunsa ngati ndine mkulu wake wa Sakala. Yunifolomu inakana kumangika, mpaka ndinasita tsiku lonse mimba ili pamtunda, koma palibe kabudula wa mlendo amene anapsa. Pofika madzulo a Njobvu, ophika a pa loji, munthu wachifundo, anandikokera pambali n'kundipatsa malaya awo akale otuwa. Anati ndivale amenewo m'tsanya monse, ndikasinthire pa mlambe paja, mkazi sadziwa kanthu. Ndinawagwira malaya aja nthawi yaitali, ndipo msana wanga unkawafuna ndi mtima wonse. Koma ine ndine wochapa. Malaya amene ayenda m'pulasitiki amafika ndi mizere ya kupinda, alibe mchere wa thukuta pamsana, alibe fumbi m'kolala, ndipo munthu wodziwa kulowetsa ulusi pa singano sangalephere kuona zimenezo. Esinati akanaona kuti ndinawabisa, sakananena kanthu, akanangotola mtolo wake. Ndinathokoza a Njobvu, ndinavalanso a buluu.

Pobwerera akashembe anali ochepa, otsala kwa mbalame ndi ena ochedwa kumva uthenga, ndiye kundinyamula sakanatha. Anangondikankha kumbuyo pokwera zitunda, uku akutenga malipiro awo.

Nditatulukira pamudzi ndi diso limodzi, linalo litatsekeka, ndinaona lole ya thonje itaima pafupi ndi mjigo, injini ikulira. Esinati anali chilili m'mbali mwa msewu, mtolo uli kumapazi kwake, maso ali psuu. Amayi a pa mjigo anali atamuuza kale masana, akuseka mpaka kugwirana, kuti safunsa anadya phula, wasokera mwamuna wake msampha wa akashembe. Tsiku lonse anaswera akudziwa chimene wanditumiza nacho m'tchire, ndipo anali atatsimikiza kuti munthu wotere sayenera kukhala kuno. Amayi aja anali pomwepo, ndowa zodzaza kale koma osachoka.

Ndinatsika pa njinga mwaulemu, ndinakonza kolala, ndinamupatsa moni wa mwaswera bwanji ndi milomo yonga ya mvuu. Iye anangofunsa:

“Bwanji simunandiuze?”

“Kukuuza chiyani? Malaya awa lero andidumphitsa njovu. Undichapire, mawa ndivalanso.”

Sanaseke. Anazungulira kumbuyo kwanga, anakweza malaya aja, anayang'ana msana wanga. Ndinamva chala chake chikuyenda pamzere wopyapyala umene unali pansi pa msoko, malo okhawo opanda chotupa. Dalaivala analiza hutala. Ine mantha amene ndinali nawo pamenepo anaposa a njovu ija, ndikukuuzani zoona.

Kenaka anawerama pa mtolo wake. Ndinati wapita. Koma iye anamasula mfundo, anasolola chitenje, zinthu zake zonse zinamwazika m'fumbi, kapoto, chipeso, madilesi, kabokosi ka singano, ndipo osazitola anayenda kupita pa mjigo, anadutsa pakati pa amayi aja mosapempha njira, anapopa yekha, ananyowetsa chitenjecho, anabwera n'kuchiyala pamsana panga. Kuzizira kwake sindinakumvenso kwina kulikonse. Dalaivala anaona kuti palibenso mtolo woti akweze, analowetsa giya n'kumapita.

M'mawa mwake sindinawapeze malaya a buluu. Ndinapeza pachingwe malaya omwewo, msoko womwewo, koma ofiirira ngati dothi. Anali atawaphika ndi makungwa, ndipo amene anamusonyeza mtengo wake anali mmodzi mwa amayi omwe aja. Ndinawavala mpaka kolala inatha, ndipo ana athu onse anagonerapo zotsala zake.

Mukupukusa mutu, a Mwanza. Chabwino, mboni ilipo, amake Tiyese si uyo akubwera apoyo ndi dengu la tomato. Mufunseni. Akuuzani kuti akashembe anali a m'dzanja limodzi, kuti njovu ndinaiona patali n'kugwera ndekha m'dzenje la makande, ndipo kuti nyamalikiti ndinamuonjezera chaka chatha. Musiyeni anene, iye kunalibe, m'mwambamo ndinali ndekha. Koma akamaliza mumufunse kuti lole ya thonje yadutsa kangati pamudzi pathu kuchokera tsiku lija, ndipo iye wakwerapo iti. Jekete lanulo vulani. Inu palibe amene anakusokerani, ndiye mulumidwa chabe.