Loweruka Ndikwapula Mayi Nachisale pa Chesi

Lolemba
Zaka zisanu ndi zitatu ndili pampando wa katswiri wa drafuti, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa ku Biwi. Lero ndikupeza anthu anga onse aunjirira mayi Nachisale, aphunzitsi amene angosamukira kuno. Abweretsa chesi. A Jafali atelala akuti, "Katswiri ndi wa masewera amene anthu akusewera." Chabwino! Loweruka ndikumana nawo mayiwa, wopambana atenge mpando. Bolodi ndi lomwelija, mabokosi akuda ndi oyera. Chovuta n'chiyani?

Lachiwiri
Mlamu wanga akundionetsa kayendedwe. Ndikulemba:
nsanja: molunjika, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali.
bishopu: chopingasa, ngati kingi wa drafuti. Ameneyu ndi m'bale wanga.
mfumukazi: molunjika ndi chopingasa pomwe, mtunda umene yafuna.
mfumu: bokosi limodzi basi. Mfumu yanji yaulesi chonchi?
hatchi: mabokosi awiri, kenako limodzi chakumbali, ngati wakabaza wozemba maenje.
Zophweka izi. Ndaloweza tiyi asanazizire.

Lachitatu
Kuyeserera. Ndikudumpha pooni wa mlamu, ndikudya awiri nthawi imodzi, phaa! phaa! Mlamu akuti kuno imadumpha ndi hatchi yokha, ndipo ukadya umakhala pamalo pa wodyedwayo. Pooniyo, kamsilikali kakang'ono kaja, amayenda molunjika koma amadya chopingasa. Amene anapeka zimenezi anali atalawako. Ndamenyetsa bishopu pabolodi monga timachitira ku drafuti, mutu wake wathothoka. Tamata ndi guluu.

Lachinayi
Pooni wanga wafika kumapeto! Ndikumusenzetsa mnzake pamutu kuti akhale kingi. Akugwa. Katatu konse. Mlamu akuseka mpaka kutsamwa, akuti amangosanduka mfumukazi. Ndiye mfumu imodzi, akazi awiri? Mitala! Masewerawa ndayamba kuwakonda.

Lachisanu
Ndagonja kanayi, koma ulendo uliwonse ndadya zambiri kuposa mlamu. Iye akungobwereza, "Alamu, tetezani mfumu." Malangizo a anthu amantha amenewo. Njira yanga: idya, idya, idyanso. Mayi akunyumba akuti, "Bwanji mungodwalako mawa?" Ayi ndithu. Shati ndasita kale.

Loweruka
Anthu adzaza, ogulitsa makala omwe. Ndikudya pooni. Ndikudya hatchi. Ndikudya mfumukazi yawo, ndikuimirira, ndikuionetsa kugulu! Mulu wanga ukungokula. Kenako mayiwa akusuntha nsanja, akuti mwaulemu, "Chekimeti, abambo." Ati chiyani? Mfumu yanga ili pakona, nsanja yawo yailoza, kutsogolo atseka ndi mapooni anga omwe. Kothawira kulibe. Ndikukuwa, "Koma sanaidye! Tiwerenge zotsala!" A Jafali akuti mfumu sidyedwa, ikangosowa kolowera masewera atha, kaya wadya zingati. Mpando akuunyamula ndikuona. Zandiwawa, sindinama.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndikupita kumtengo kuja, bolodi langa la drafuti m'khwapa. Mayi Nachisale ali pampando. Akundipatsa moni bwinobwino, akuti oyamba kumene amawaphunzitsa Lachiwiri. Ndikukhala panjerwa, ndikudikira wosewera naye. Ola lathunthu, palibe. Kenako a Jafali akubwera: "Akuluakulu, tatibwerekani bolodilo." Mtima myaa! Ndikuwapatsa ndi manja awiri.

Bolodi lija akukupizira mbaula kuti chimanga chipse msanga.

Lachiwiri ndipita. Ndikakhala kumbuyo.