Mphezi M'kati mwa Chitenje

Pulani yonse inabadwira kuseri kwa msika wa pa Songani, pabenchi la mayi wina wogulitsa masese, dzuwa lili paliwombo. Anthu ena nthawi ngati imeneyo amakhala ali kudimba, koma anyamata athu atatuwa ntchito yawo inali ya m'mutu, ndipo mtsogoleri wawo ankati mutu wake sugwira kukhosi kukauma.

Mtsogoleriyo anali Tobias, amene aliyense ankamutchula kuti Pulofesa chifukwa anasesapo m'shopu yokonza mafoni ku Limbe, ndipo chibwerereni kumeneko sanavomerepo kuti pali chinthu chamagetsi chimene sachidziwa. Wachiwiri anali Chimango wa kabaza, dzina la ntchito Giya, munthu wa miyendo yamphamvu ndi mimba yosamva kukhuta. Wachitatu ndiye mwini nkhani, Nickson, amene Domasi yense amamudziwa kuti Dishi. Mukaona makutu ake simungafunsenso kumene dzinalo linachokera.

Dishi sanabadwe mbava, tisamunamizire. Anali ndi kamera yakale yogula pa kaunjika, analinso ndi Jenifa, mtsikana wotsogolera nyimbo m'kwaya ya kumpingo kwawo. Jenifayo ndi amene anaimirira pamaso pa kwaya yonse n'kunena kuti asavutike kuitana wojambula wa ku Zomba, bwenzi lake ntchito imeneyo amaitha. Anthu anavala yunifolomu, anatsetsereka kumtsinje wa Domasi, anaima pamiyala dzuwa lili kumsana kwawo, Dishi n'kumatola zithunzi chogwada ngati katswiri. Zitatuluka, madzi ankaoneka bwino, phiri linkaoneka bwino, koma pamene panayenera kukhala nkhope panali makala okhaokha. Amayi ena anadzizindikira chifukwa cha nsapato.

Jenifa analira ndi manyazi. Pofuna kupukuta misoziyo Dishi anatulutsa bodza la msangamsanga, lakuti vuto linali kusowa kwa mafulashi, magetsi aja ong'anima amene ojambula amaimika pambali kuti nkhope ziwale ngakhale dzuwa lili kumbuyo, koma msuweni wake wa ku Joni anali atawatumiza kale pa basi. Mtsikanayo anakhulupirira, anakapemphanso akwaya kuti amupatse mwayi wina. Koma anamuuza mosapsatira kuti akadzangomuchititsanso manyazi, ankhoswe ake asadzaponde pakhomo pa makolo ake. Ndiye vuto linali lakuti ku Joniko kunalibe msuweni. Kunalibe ngakhale galu womudziwa Dishi, ndipo mnyamatayo ankamukondadi Jenifa moti chakudya chinasiya kutsika.

Pulofesa anapukuta masese pandevu n'kunena kuti nkhani imeneyo ndi yaing'ono. Loweruka kwa Malemia kunali chinkhoswe cha Rabecca, ndipo wojambula anali a Anwar a ku Zomba, bambo wa zikwama zambiri amene amayamba wafotokoza mitengo ya zipangizo zake asanapereke moni. Dilu inali yokawapungulako. Koma kuba, anatero Pulofesa, n'kusankha, osati kumangotola ngati nkhuku. Kamera ayi, chifukwa imagona pakhosi pa mwini wake. Magetsi aakulu olumikiza kukhoma ayi, kumtsinje kulibe khoma. Maambulera omwaza kuwala ndi timiyendo tawo ayi, munthu sungathamange nazo m'chinangwa. Ofunika anali mafulashi a batire, opanda waya, olowa m'khwapa, koma amphamvu zolimbana ndi dzuwa la masana. Dishi akajambulira kwaya, kenako akawagulitsa ku Limbe n'kugawana.

Giya anakanda m'mutu. “Koma Pulofesa, ngati chinthucho chilibe waya, chimadziwa bwanji kuti tsopano ching'anime?”

“Aise, iwe uzipalasa njinga, zamagetsi utisiyire eni ake,” anayankha Pulofesa. Kenako anafotokoza modekha kuti mkati mwake muli diso limene limaona munthu akamwetulira. Dishi anafunsa za kabokosi kangati ka machesi kamene anakaonapo pamwamba pa kamera ya a Anwar. Pulofesa anati kameneko n'kokometsera chabe, azungu amakonda timanyado totere.

Potulukira ndi pamene Pulofesa anadziona kuti ndi shasha. Pa chinkhoswe mkwatibwi satuluka yekha. Azakhali amafunditsa atsikana angapo zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwabweretsa pabwalo kuti mkwati aloze wake, ndipo palibe munthu wamisala amene angavundukule mtsikana wofundayo nthawi yake isanakwane. Iye ndi Dishi akafunda zitenje za yunifolomu ya tsikulo, zimene mlongo wake wa Giya anali atachapa kale n'kuyanika pachingwe, akabisa katundu mkati, n'kudutsa pakati pa anthu mwaulemu wonse. Giya akadikira ndi njinga kuseri kwa munda wa chinangwa.

Dishi anamudula mawu. Ananena kuti Rabecca ndi msuweni wa Jenifa, ndiye Jenifayo akakhala pomwepo. Pulofesa anaseka mpaka kutsamwa. Anati zimenezo ndiye zabwino, amuuze kuti Loweruka akupita ku Blantyre kukalandira katundu wa ku Joni, Lamulungu adzamuonetse mafulashi ali pheee patebulo. Dishi anamuuzadi, ndipo Jenifa anamukonzera mbatata yootcha yoti adye m'njira.

Loweruka linafika ndi mitambo yakuda yotsamira phiri. Kwa Malemia kunali tenti, zokuzira mawu, fungo la mpunga ndi nyama ya mbuzi. A Anwar anali ataimika mafulashi awiri a maambulera m'mbali mwa bwalo, ndipo chikwama cha otsala anachisiya pakhonde la kuseri kwa nyumba poopa fumbi la ovina. Pulofesa ndi Dishi anatulukira m'chinangwa, zitenje zili m'manja, n'kupeza chikwamacho chili chokhachokha ngati chikuwadikira.

Dishi ankafuna kungotola n'kuthawa. Pulofesa anamugwira dzanja. Anati munthu sugula nkhuku osaikweza m'manja, ndiye anayamba kuyatsa mafulashiwo limodzilimodzi n'kumayang'ana timizere ta batire. La batire yotsika ankalibweza m'chikwama monyansidwa.

“Ife sitiba mitembo, mani,” ananong'ona.

Anasankha anayi odzaza bwino. Dishi anafunsa ngati sawazimitsa. Pulofesa anafufuza batani, sanalipeze, koma mwamwayi timagalasi tawo tinachita mdima tokha, ndipo iye analengeza kuti agona. Aliyense anasomeka awiri m'lamba, mitu yake italoza kumwamba, anafunda chitenje china kumutu china m'chiuno, n'kuyamba kuyenda timasitepe ta chinamwali kulunjika kuchinangwa.

Anatsala pang'ono kufika. Ndiye pakona pa nyumba panatulukira a Perpetua, azakhali a mkwatibwi, mayi wa thupi lake amene ankayendetsa mwambo wonse ndi mawu okha. Anali akudandaula kuyambira m'mawa kuti atsikana ofunda achepa, mkwati sadzatuluka thukuta. Ataona awiri ena akusochera anathokoza Mulungu.

“Ana inu, kubwalo n'kuno, uko n'kuchimbudzi,” anatero, n'kuwagwira m'mapewa.

Akanatani? Kuyankha kukanawaulula, pakuti mawu a Pulofesa ndi a ng'ombe yaikulu. Kuthawa ndi chitenje kumaso, mafulashi ali m'lamba, kunali kufuna kugwa chafufumimba. Mwambo umene ankaudalira uja unawagwira bwinobwino, palibe anawavundukula, palibe anawafunsa dzina. Anangowalowetsa pakati pa mzere, nyimbo n'kuyamba.

Dishi ankaona pang'ono kudzera m'nsalu. Kutsogolo kwa mzere kunali Jenifa, akutsogolera nyimbo, akuvina chobwerera m'mbuyo kuti ofundawo atsate mawu ake. Anali atamanga duku latsopano, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe cha msuweni wake. Mnyamatayo anamva chisoni chenicheni, analakalaka akanakhaladi pa minibasi ya ku Blantyre. Analumbira mumtima kuti akangopulumuka apa sadzabanso ngakhale chitsononkho cha chimanga. Kumbuyo kwake Pulofesa ankadula chiuno mopitirira muyeso, amayi ena mpaka kumufunsa mnzawo kuti mwana wa ndani ameneyu.

Atalowa mumthunzi wa tenti, a Anwar anagwada patsogolo pawo, anakweza kamera, n'kudina.

Maambulera awiri aja anang'anima monga mwa ntchito yawo. Koma pakati pa mzere atsikana awiri nawonso anati ng'ani, kuwala kuchokera mkati, maluwa onse a pachitenje kuonekera ngati nyali ya galasi. Kenako m'mimba mwawo munamveka kulira kwakung'ono, piii. Anthu anayang'ana kumwamba, poti mitambo inalipo, ena n'kunena kuti mvula yafika. Kabokosi kokometsera kaja kanali katagwira ntchito yake: kamera ikadinidwa, iko kamauza fulashi lililonse loyaka limene lili pafupi kuti ling'anime, kaya lili pa ambulera kaya lili m'lamba wa mbava. Ogona aja anali atadzuka onse anayi.

A Anwar sanadziwe kanthu. Anayang'ana chithunzi pakamera, anaona pakati payera mopitirira, anang'ung'udza kuti nsalu za masiku ano n'zonyezimira, n'kudinanso. Ng'ani, piii. Anasuntha pang'ono n'kudinanso. Ng'ani, piii. Apa nyimbo inayamba kuzilala. Gogo wina anagwada pansi n'kuyamba pemphero. Mkwati, amene anali ataimirira kuti asankhe mkazi wake, anabwerera m'mbuyo mpaka kukhala pamiyendo pa nkhoswe yake, akunena kuti ngati Rabecca ali mmodzi mwa awiriwo akufuna ayambe wakambirana ndi akwawo.

Mkati mwa chitenje Dishi sankaonanso kanthu koma nyenyezi zobiriwira. Pulofesa, katswiri wa ku Limbe, anapisa dzanja m'lamba kuti azimitse, ndipo batani limene analipeza linali loyesera. Tsopano anayamba kung'anima yekha popanda kamera, ng'ani, ng'ani, ng'ani, uku akuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu.

Nanga Giya? Giya anadikira kuchinangwa mpaka fungo la nyama linamupeza. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kukalowa pamzere wa alendo ngati wachibale. Pamene zonsezi zinkachitika anali kutsogolo kwenikweni, mbale ya mpunga ili m'manja, ndipo poona mnzake akuvutika mtima wake wabwino sunapirire.

“Pulofesa, chotsani batire!” anakuwa, mpunga ukuuluka m'kamwa.

Anyamata awiri a kuchikazi anamukhazika pansi bwinobwino, mmodzi n'kumulanda mbale.

Koma Jenifa sanayang'ane Giya, sanayang'anenso Pulofesa. Maso ake anali pa wofunda winayo, amene anangoima chilili. A Anwar, amene tsopano ankadina chifukwa cha mantha, anadinanso, ndipo kuwala kochokera m'lamba kunajambula mthunzi wa mutu pansalu. Unali mutu wamba, koma m'mbali mwake munali makutu awiri amene m'chigwa chonse cha Domasi ali ndi mwini mmodzi. Munthu amene anasandutsa kwaya yonse mithunzi anadziwika ndi mthunzi wake.

Mwambo umati wovundukula ndi wa kuchimuna, koma palibe analetsa. Jenifa anayenda pang'onopang'ono, anagwira nsonga ya chitenje, n'kuchikoka. Dishi anaima pamenepo, mafulashi awiri ali m'lamba, mbatata yootcha ija ikusuzumira m'thumba la malaya. 

“A Nickson,” anatero Jenifa motsitsa, moti anamva ndi apafupi okha, “katundu wa ku Joni uja wafika eti?”

Chala cha a Anwar chinadinanso chokha.

Zotsala n'zachidule. A Anwar atazindikira katundu wawo anafotokozera bwalo lonse mtengo wa fulashi lililonse, kenako anaimbira apolisi. A Perpetua analamula kuti zitenje zibwezedwe kaye kwa mwini wake, nyimbo inayambiranso, ndipo mkwati analoza Rabecca mosavuta chifukwa ofunda anali atachepa. M'galimoto ya apolisi Pulofesa ankafotokozabe kuti pulani inali bwino, cholakwika n'chakuti anasankha amphamvu kwambiri. Giya ankangofunsa ngati wina waona njinga yake. Dishi ankangolira.

Anakagwira ukaidi wawo n'kubwerako. Kwaya inajambulidwa ndi a Anwar pamiyala yomwe ija, dzuwa lili kumsana, nkhope zonse zikuwala. Jenifa akakumana ndi Dishi panjira amamupatsa moni waulemu wonse, moni wopatsa mlendo, ndipo amalume ake a Dishi jekete limene anasungira zokafunsira mbeta amangopita nalo kumaliro.

Chithunzi chomaliza chija a Anwar anachikulitsa n'kuchipachika pawindo la shopu yawo ku Zomba, kuti ofuna kujambulitsa aone mphamvu ya magetsi opanda waya. Dishi akapita kutauni amadutsa pamenepo ngakhale njira yake isali imeneyo, amaima kutsidya kwa msewu n'kumachiyang'ana. Ndi chithunzi chokhacho chimene iye ndi Jenifa ali limodzi, ndipo nkhope zonse ziwiri zikuoneka bwinobwino.