Chingwe cha Hatchi ndi Mimba ya Dalesi

Anankhoma, khalani pansi, ndipo musaseke. Usiku wathawu ndinalota zoopsa za Dalesi, mdzukulu wanga woyembekezera uja, amene amathandiza adokotala a ziweto kukhola la mahatchi ku esiteti. Ine ndinamuuza kale: "Wapakati sadumpha chingwe cha chiweto, mchombo umam'zinga mwana pakhosi." Iye kumangoseka.

Ndiye kutuloko ndinkam'tsatira pambuyo, nditabisa nkhope ndi lichero. Hatchi yaikazi inandiona, ikuti, "Agogo, lowani muone zimene akundichita." Inayasamula, ine n'kulowa ngati m'nkhokwe.

M'katimo munali munda wa timazira, tamadzimadzi ngati matuza. Kamodzi kokha kakunenepa, tinato tikufota. Ndinakafunsa, "Iwe, ukudya chiyani wekhawekha?"

Kakuti, "Zimabwera ndi magazi, agogo. Ine ndikakhuta ndimatumiza mawu kumutu kuti aleke kugawa, anzangawa agone ndi njala."

Ndinati ayi, uwu ndi ufiti weniweni.

Mwadzidzidzi panabwera jakisoni atavala nsapato. "Odi kuno! Ndabwera kudzafulumizitsa dzira."

"Wakutuma ndani?"

"Abwana."

Kucheuka, adokotala aja, a Chimbalanga, asanduka nanzikambe, diso limodzi lili pa hatchi, lina pamimba ya Dalesi. Akuti, "Musaope mayi, ndi sayansi." Nanzikambe akati musaope, inu mungakhale pansi?

Ndiye tonse tinapezeka panja. Chingwe cha hatchi chinayamba kukwawa chokha, n'kudzagona pakhomo la khola, chikunong'ona, "Dumpha mwanawe, kuzungulira n'kutali." Dalesi anakweza mwendo. Ndinati ndikuwe, m'kamwa mwadzaza udzu. Ndiye ndinangodzigwetsa pachingwepo, icho chikundikoka, chikundikoka.

Mwadzidzidzi, meee! Kudzidzimuka, kunja kwacha. Mbuzi yanga ikukoka chingwe pamtengo wa bwemba, chingwecho chapingasa njira yeniyeni imene Dalesi amadzera akamabwera kudzandiona Loweruka. Ndipo Loweruka lake ndi lero. Ndinatuluka osasukusula n'komwe, chikwanje m'manja, n'kuchidula.

Ndiye mbuzi yadya chimanga m'dimba mwanu ija, Anankhoma, musavutike kufunsa, ndi yangadi. Mlanduwo tikamba. Koma wina asayerekeze kuimanga mpaka mwana abadwe.