Khutu la a Weston

Ku Mchesi mukatchula a Weston, anthu amayamba agwira khutu kenako n'kuseka. Bambo ameneyu ankakonza malaputopu pakhonde lina pafupi ndi msika, ndipo chinthu chimene sankachikhulupirira pa dziko lino ndi kagetsi kamene kamayaka pa batani loyatsira. Ankati kagetsiko n'kabodza. Munthu akabwera akudandaula kuti kazima, ndiye kuti makina afa, iwo ankangonyamula laputopuyo, kuigunditsa pakhutu, n'kutsinzina.

"Khalani chete!" ankakalipa, mpaka oitanira minibasi ankatsitsa mawu.

Akazi awo, mayi Jemima, ankagulitsa mandasi pambali pomwepo, ndipo khutu limeneli linkawanyansa.

"Zaka makumi atatu ndikulankhula simundimva, koma chitsulo chikangoti fuu, mwamva kale."

"Chitsulo sichibwereza nkhani, mayi."

Tsiku lina kunabwera Godwin, mphunzitsi wa ku Biwi, maso ali psuu. Mayeso a ana onse anali mu laputopu imene ananyamula.

"Abambo, yafa. Ndadina mpaka chala chatupa."

"Wafa ndiwe. Chaja ina wayesa?"

"Ndayesa."

A Weston anachotsa batire, n'kudina batani osalisiya. Anzawo amawerenga mpaka sate, koma iwo ankatchula masiteji a minibasi kuchokera ku Mchesi mpaka ku dera la 25, ndipo akadumpha siteji imodzi ankayambiranso. Godwin anakafika ku 25 katatu ali pabenchi pomwepo. Atabwezera batire anamvetsera.

"Ikupuma iyi, koma ili ndi chifuwa. Kagetsi n'kawaya chabe kathothoka. Fani ndiye yatopa."

Anathamangira kunyumba n'kubwera ndi fani m'thumba la malaya. Chinali chizolowezi chawo chimenecho. Wina akasowa chipangizo, iwo ankazemba pang'ono n'kubwera nacho, ndipo palibe ankafunsa kumene chachokera. Mayi wina wa ku Chilinde, chosungira zinthu cha laputopu yake chitafa, analira mpaka mamina chifukwa ntchito ikanamuthera, nayenso anapita kwawo akuvina.

Kunyumba a Weston anali ndi laputopu yawoyawo yakuda, imene sankalola munthu kuikhudza. M'menemo munali vidiyo ya ukwati wa mwana wawo Thandie, momwe a Weston anavina mpaka nsapato inavuka, n'kulankhula mawu oyamikira akazi awo pamaso pa anthu, kamodzi kokha m'moyo wawo wonse. Zithunzi zina zonse zimene mayi Jemima anali nazo zinkangoonetsa theka la nkhope ya amuna awo, theka linalo litabisika kuseri kwa makina a eni.

Mu Juni a Weston anagwa pabenchi pawo. Kuchipatala namwino atanena kuti atisiya, mayi Jemima anakana. Anauza aliyense kuti akhale chete, n'kuika khutu pachifuwa cha amuna awo. Anamvetsera nthawi yaitali. Munalibe kanthu.

Maliro atatha, chimene ankafuna chinali chimodzi: kumvanso mawu aja. Anatenga laputopu yakuda ija n'kudina. Kagetsi sikanayake, koma sanade nkhawa, poti kagetsi n'kabodza. Anayesa chaja ina, anachotsa batire, anatchula masiteji onse. Zitakanika anapita nayo kwa a Ashraf, wokonza makina wa ku Kawale. Iwo anamasula tizomangira, n'kusuzumira m'kati.

"Amayi, muno mulibe fani. Kawaya ka batani mulibe. Ngakhale chosungira zinthu mulibe."

"Ndiye vidiyo ili kuti?"

"Inapita nacho chosungiracho. Amene anapatsidwa anafufuta kalekale."

Apo ndi pamene mayi Jemima anadziwa kumene zipangizo zija zinkachokera. Anakumbukira mayi wa ku Chilinde uja akuvina. Anafuna kutukwana, koma wotukwanidwayo anali kumanda, ndipo zinawawawa kuposa tsiku la maliro.

Masiku ano pakhonde paja pali wogulitsa makava a foni. Kagetsi kakazima, anthu amangoti yafa n'kuiponya pansi pa bedi, ndipo oitanira minibasi palibe wowatontholetsa. Mayi Jemima akudziwa bwino kuti chimene akusunga n'chikhokho chabe. Komabe m'mawa uliwonse, asanakazinge mandasi, amadina batani lija, kutchula masiteji mpaka ku 25 osadumpha ngakhale imodzi, n'kuchiika pakhutu.